Liwiro Ndinaliphunzira kwa Apongozi

Tadala, tabwera kuno. Iweyo, usacheuke ngati kumbuyo kwako kuli Tadala wina. Ndamva kuti dzulo unathawa kubwalo aphunzitsi atangonena kuti musanakhudze mpira muyambe mwathamanga ndi kunyonyomala. Akuti unati, “Ine ndinabwerera mpira, osati chibalo.” Hee! Mawu amenewo si achilendo, anatulukapo pakamwa panga pano, ndipo ndevu ndinali nazo kale. Khala apa uzisenda nandolo. Nawenso Yankho sendera, tenga lichero linalo. Ana inu, manja azigwira ntchito, makutu okha ndiwo mundibwereke.

Mukamandiona lero, mimba yatsogola, podzuka pamkeka ndiyambe ndapempha chilolezo kwa mawondo, mumayesa ndinabadwa chonchi. Ayi ndithu. Ine anthu ankanditcha Injini. Ndinali ndi njinga yakuda ya mabuleki a ndodo, osati tinjinga tanu ta masiku ano ta magiya ngati galimoto. Ndinkapita ku Chilwa kukapikula matemba ndi milamba yowamba, n'kumanga dengu pa kaliyala, lina pamwamba pake, moti munthu wobwera kumbuyo ankangoona madengu akuyenda okha. Kuchokera kunyanja kuja mpaka kuno kwa Nkhulambe, fumbi koboo, kamba wa panjira ali makaka, chinangwa chouma chija, ndi kalongonda wa m'kambale, madzi kumwa pamtsinje. Ndipo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti mphamvu ndi za m'magazi. Wobadwa nazo wabadwa nazo, wopanda ndi wopanda basi. Zolimbitsa thupi ndinkati ndi za anthu a m'tauni osowa khasu.

Koma Injini yomweyo ikafika pakhomo inkazima. Pajatu ine pano ndine mkamwini. Kwathu ndi kuseri kwa phiri la Michesi uko, kuno ndinatsata anganga anuwa. Inu mukamva za chikamwini mumayesa ndi kungokhala kwawo kwa mkazi. Kale chinali ndi malamulo ake. Munda ndi wa akazi, ana ndi a mbumba, wogamula ndi malume. Iwe ndiwe tambala: lira m'mawa anthu adzuke, zikomo kwambiri, koma anapiye si ako. Ndiye panali lamulo lalikulu kuposa onse, loti apongozi aakazi sukumana nawo maso ndi maso. Ukawaona akubwera panjira, iwe patchire, kaya pali minga kaya pali linthumbu. Akafuna kukuuza kanthu ankalankhula atayang'ana khoma, iwe uli kuseri kwa nkhokwe, n'kumayankha nkhokweyo. Apongozi anga, amayi awo a anganga anu, ndinakhala nawo mudzi umodzi mpaka mwana wanga woyamba anatha msinkhu, koma nkhope yawo sindinkaidziwa bwinobwino. Chimene ndinkadziwa ndi kayendedwe kawo ndi katsokomoledwe kawo. Lero mkamwini amakhala mpando umodzi ndi apongozi n'kumalimbirana wailesi. Ine ndimangoona.

Nkhani yanga ndi ya zaka zija matipate atangolowa. Sukulu anati yaulere, ana anakhamukira kumeneko mpaka ena kuphunzirira pansi pa mitengo. Andale nawo anali yakaliyakali, aliyense wofuna mpando kubwera ndi mpira m'khwapa ndi chikho chonyezimira. Mawu akuti demokalase anali pakamwa pa aliyense. Mbuzi ikadya chimanga cha eni, mwini mbuzi ankati ndi ufulu wake. Ndipo ndi nthawi yomweyo pamene Chilwa inaphwa. Ee, nyanja yonse ija gwaa, mabwato atakhala pamatope ong'ambika, anthu akudutsa wapansi pamene tinkapalasa. Nsomba kunalibe, Injini inasowa chokoka. Ndinayamba kuswera pakhonde, ndipo mimba mukuionayi maziko ake anakumbidwa chaka chimenecho. Mkamwini woswera pakhomo, ana inu, ngakhale nkhuku zimamuyang'ana cham'mbali.

Amayi anu pa nthawiyo anali kamtsikana kotchedwa Fanesi, miyendo ngati bango. Musaseke, ndikunena zoona. Analowa timu ya ntchembere mbaye pasukulu, ndipo ankamuika pakati, malo a munthu wothamanga kwambiri. Manja anali nawo, mpira ukabwera sunkagwa. Maso anali nawo. Ndipo mpirawo ankaukonda moti chilichonse chozungulira pakhomo pano chinaponyedwapo: lalanje, papaya wamuwisi, ngakhale dzungu la anganga anu. Vuto linali limodzi. Masewero akamapita kumapeto, mwana ankatha. Mpweya wefuwefu, miyendo ikunjenjemera, akalumpha n'kutera ngati munthu woledzera.

Tsiku lina akusewera ndi sukulu ya kutsidya kwa mtsinje, analumpha kuti awakhe mpira, potera phazi linapindika. Anthu anadzandiitana ndili pamsika ndikusewera bawo. Ndinapeza kakolo atatupa kale. Ndinamukweza pa kaliyala yomwe ija ya matemba mpaka kuchipatala, ndipo amene anamumanga bandeji anafunsa ngati mwanayo anagwera m'nyanja. Fanesi anatsimphina mpaka tinakolola chimanga.

Mwinimbumba anali alamu anga a Wayisoni, achimwene awo a anganga anu. Simunawaone inu. Anali telala pamsika, munthu wamfupi, wa mawu ochepa, tepi yoyezera sinkachoka m'khosi ngakhale pamaliro. Iwo anagamula mwachidule kuti za mpira zatha. Apongozi ndiwo anathirapo mchere. Anati namwali wolangidwa kale sangamalumphe pagulu ngati tonde, akalemala adzamutenga ndani. Fanesi anamvera, mwana wa ulemu. Koma madzulo anzake akamadutsa panjira kupita kubwalo, iye ankakhala kuseri kwa nyumba akutsuka mbale yoyera kale. Zinandipweteka. Ndikunena pano osabisa, mtima unandiwawa kwambiri, koma tambala akanatani.

Ndiye kunabwera mphunzitsi wawo wa masewero. Ana ankamutcha Madamu Wezulo chifukwa wezulo yake inkamveka mpaka kumanda. Anabwera Lamulungu masana titaweruka kutchalitchi, n'kupempha kuti akumane ndi abanja. Anayala mkeka pansi pa mango awo, akali aang'ono. Panali a Wayisoni, anganga anu ndi apongozi. Ine, popeza apongozi analipo, malo anga anali kuseri kwa nkhokwe.

Madamu anati, “Mwanayu sanabinye chifukwa cha tsoka. Minofu yogwira kakolo ndi bondo ndi yofooka, ndiye akatopa phazi limatera paliponse. Ndipatseni ndimulimbitse kaye thupi, mpira ubwere pambuyo.”

A Wayisoni anati, “Kumulimbitsa kuti akhale mwamuna? Mwana wamkazi akauma thupi mudzamukwatira ndinu?”

Anakambirana, anakambirana, ine kuseri kuja ndikungomeza malovu. Kenako sindikudziwa chinandilowa n'chiyani. Ndinangomva pakamwa panga pakufuula, “Alamu, masiku ano ndi a demokalase!”

Ngakhale nkhuku zinaleka kupalasa.

“Walankhulayo ndani?” anafunsa a Wayisoni. “Nkhokwe?”

“Ndine, alamu.”

“Demokalase inatsikira kumsewu uko, alamu. Pano ndi pambumba.” Ndinamva akusisita tepi yawo ija. “Komabe popeza nkhokwe yalankhula, tiimvere. Chilichonse chimene madamu alamule mwanayu, bambo ake achite naye limodzi, osasiyana. Tsiku limene bambo aleke, mwananso waleka. Ndipo ku mpikisano wa ku Boma nyengo yotentha, akakatulukanso m'bwalo atanyamulidwa, mawu akuti mpira ndisadzawamvenso pakhomo pano.”

Iwo ankadziwa kuti bambo wa ndevu sangalole kukalumpha pakati pa ana asukulu. Koma ine, pakamwa panga pomwepa, ndinayankha kuti, “Tizinthu ta ana ito? Ine Injini? Mwandipeputsira, alamu.” Ndinamva apongozi akutsokomola, ndipo kutsokomola kumeneko sikunali kwa chifuwa.

Tsiku loyamba ndinapita kubwalo nditavala buluku langa la kutchalitchi, kuti ana adziwe kuti kwabwera munthu. Madamu anati tiyambe ndi kunyonyomala ndi kudzuka, msana uli chilili, zidendene zisachoke pansi. Ndinatsika kamodzi bwinobwino. Kachiwiri ndinamva phwee! kumbuyo, ndipo kamphepo kanalowa kumene sikanaitanidwe. Ana a sitandade wani amene ankaonerera anagwa pansi ndi phwete. Ndinamanga jekete m'chiuno n'kupitiriza. Kenako anati tiime ndi mwendo umodzi titatsinzina. Fanesi anagwedezeka koma anaima. Ine, amene ndinkayendetsa madengu awiri pamchenga osagwa, ndinapendama pang'onopang'ono mpaka ndinakakumbatira mtengo wa golo. Chomaliza chinali kugona chafufumimba n'kudzikweza pa zigongono ndi zala za kumapazi, thupi lili nga. Ndinati izi ndiye kupuma kumene. Posakhalitsa mimba inayamba kunjenjemera yokha, thukuta kamukamu, ndinatera ndi chibwano m'fumbi mwana wanga akali m'mwamba.

M'mawa mwake kuchimbudzi ndinapita ndi ndodo. Za kumeneko sindinena, mukusenda chakudya.

Apo ndi pamene ndinalankhula mawu ako aja, Tadala. Ndinauza madamu kuti ine ndinabwerera mwana wanga, osati chibalo. Iwo anaseka, anati, “Bambo a Fanesi, njinga inakupatsani mphamvu ya njira imodzi, yopita kutsogolo mutakhala pansi. M'bwalo munthu amaima mwadzidzidzi, amakhota, amalumpha, amatera. Zonsezo zili ndi minofu yake, ndipo minofu imaphunzitsidwa ngati mwana wa sukulu.” Ine pofuna kubweza ulemu wanga ndinati ndiye tisataye nthawi, ndibweretse thumba la makaka mwanayu azikwera nalo chitunda. Madamu anandiyang'ana mondimvera chisoni. Anati mwana si kaliyala. Ayambe wanyamula thupi lake lomwe, akalizolowera adzagwire tizitini ta mchenga, pang'onopang'ono. Masiku ena azipuma, chifukwa thupi limamanga pogona, osati pobwalo. Ndipo azidya: nandolo yemweyu, mtedza, nthochi, mazira. Za mazira zinali zovuta, chifukwa akuluakulu ankati mtsikana sadya mazira. Koma nkhuku ya anganga anu inangoyamba kuikira mochepa chaka chimenecho, ndipo palibe anafunsa chifukwa.

Madzulo tinkakhala kubwalo ndi madamu. M'mawa, Fanesi asanapite kusukulu, tinkathamanga awiri m'tinjira ta m'minda. Chimanga chinali chitachoka, nandolo yekha ali chiimire, wamtali kupitirira munthu. Apa ndiye pamene nkhani inakomera, koma osati kwa ine.

Tikuthamanga njira ya kumjigo, ndinamva kutsokomola kuja. Kukweza maso, apongozi awo, ndowa pamutu, akubwera molunjika. Thupi la mkamwini silifunsa mutu. Ndinangokhotera kumanzere, jowu mu nandolo wa eni, n'kumadumpha mizere. Tsono kumbukirani lamulo la a Wayisoni, loti osasiyana. Fanesi naye anakhota, liwiro pambuyo panga. Tinakatulukira kuseri kwa tchalitchi, ine masamba ali m'kamwa.

Ndinati tisinthe njira, tizidzera cha kuphiri. Mawa lake apongozi awo, akutola nkhuni pamalo popanda mtengo. Ine kumanja, jowu. Tinasintha nthawi, tinalawirira kwambiri. Apongozi awo, chingwe m'manja, akuitana mbuzi yosochera. Mbuzi imeneyo inasochera nyengo yonse yozizira, ndipo inkasochera kulikonse kumene ine ndalowera. Nthawi zina ankatulukira pafupi penipeni, pokhota njira, moti ndinkaima chiriri pa phazi limodzi, kutembenuka, n'kubwerera kumene ndachokera, mwana ali pambuyo kutsanzira chilichonse. Anthu a m'minda anayamba kutidikira. Wina anandifunsa ngati ndayamba kuba nandolo pamodzi ndi banja.

Tsiku loipitsitsa ndinalumphira m'chitedze. Inu simuchidziwa bwino chifukwa tchire linatha. Chitedze chikauma, ubweya wake ukakugwera, umakanda mpaka kuiwala dzina lako. Ndinavula malaya panjira, ndinagubuduka m'dothi, ndinavina gule amene sanayambe wavinidwapo kwa Nkhulambe kuno. Anganga anu anandipaka phulusa ndi matope akuseka mpaka misozi. Masana amenewo ndinagona pakhonde, thupi lonse zidzolo, ndipo ndinalumbira kuti basi, zatha. Munthu wamkulu, wa banja, kusanduka choseketsa cha mudzi wonse chifukwa cha mpira wa atsikana!

Madzulo Fanesi anabwera n'kugwada pambali panga. Sanalire, bola akanalira. Anangoti, “Ababa, lero tipita?” Ndinati thupi silili bwino. Iye anati, “Chabwino. Ndikawauze amalume ndekha, kapena mukawauza ndinu?”

Ana inu, chitedze chinaleka kuyabwa pompo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinadzuka, ndinavala buluku langa, lija la chigamba cha a Wayisoni kumbuyo, chifukwa telala pamsika anali yekhayo ndipo anasoka ndi ulusi wofiira dala. Tinapita kubwalo.

Kusintha sikunabwere tsiku limodzi, ndipo ine sindinakuone kukubwera. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndinangozindikira kuti pothawa apongozi, amene akutsogola si inenso. Mwana ankalumpha mizere, n'kuima, n'kundidikira akupuma bwinobwino, ine lilime lili panja. Miyendo ya bango ija inayamba kuoneka kuti ili ndi mwini wake. Ankadya, ankagona tulo tabwino, m'kalasi analeka kuwodzera. Ndowa ya kumjigo ankaitukula yekha osaitana munthu. Ndipo analeka kuyenda chowerama ngati wapalamula, ukamuitana ankayankha mawu omveka. Sanasanduke mwamuna ayi, funsani bambo anu amene anavutika kumufunsira. Tsiku lina madamu atalola Fanesi kugwiranso mpira, anamuona akuzemba mnzake, kumanzere, chiriri, kumanja, wapita. Anaimitsa masewero. Anati, “Iwe, kuzemba kumeneku sindinakuphunzitse ine. Wakutenga kuti?” Mwana anati, “Kwa anganga.” Madamu sanamvetse, ndipo ine sindinafune kufotokoza.

Inenso ndisanamizire, zinandithandiza. Mimba inabwerera m'mbuyo, ngakhale kuti inangopita kukatenga anzake. Msana umene unkandivuta ndikatsika panjinga unaleka. Kuima ndi mwendo umodzi ndinakutha, moti ndinkavala buluku osatsamira khoma, anganga anu n'kumati onani munthu wophunzira.

Nyengo yotentha inafika, mango atayamba kuoneka. Atsikana anakwera lole ya bwana wina wofuna uphungu, dzina lake ndaliiwala, nayenso anatiiwala atangopambana. Ine ndinapalasa njinga kudzera pampata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje. Masiku ano mumangokodola kabaza kapena minibasi, mwafika. Nthawi imeneyo chitunda chimenecho munthu unkachikwera ukukankha njinga ndi kupemphera. Ku Boma ndinapeza anthu ali thithithi, masukulu ochokera uku ndi uku, ogulitsa nzimbe, thobwa ndi zigumu, azimayi atavala zitenje za nkhope za anthu. Ndinaona a Wayisoni ataima chapatali, tepi m'khosi. Ndinadziwa kuti sanabwere kudzachemerera, anabwera kudzaona ndi maso awo.

Ana athu anagwera timu ya pa Boma pomwepo. Atsikana ake, ine ndinkayesa ndi aphunzitsi. Akuluakulu, ovala nsapato zoyera, athu ali chosavala. Wa pakati wawo, woyang'anana ndi Fanesi, phewa lake linkalekeza pamutu pa mwana wanga. Masewero atayamba zinkangosinthana, awa kuponya, awa kubweza. Ine zigoli sindinkawerenga. Maso anga anali pa kakolo mmodzi yekha m'bwalo lonselo. Akalumpha, mtima wanga unkalumpha naye. Akatera, ndinkatsinzina.

Chigawo chomaliza ndicho ndinkachiopa, chifukwa ndi pamene mwana ankathera. Dzuwa linali pamutu. Atsikana ena anayamba kugwira m'chiuno, wina wa pa Boma anapempha madzi. Fanesi akuthamangabe. Anazemba chimtsikana chija kumanzere, chiriri, kumanja, ndipo ine ndinakuwa kuti, “Apongozi awo! Thawa!” Anthu anandiyang'ana ngati wamisala, koma sindinasamale.

Nthawi itatsala pang'ono mpira unaponyedwa m'mwamba pakati pa awiriwo. Onse analumpha. Chimtsikana chija chinamugunda ndi phewa ali m'malere, ndipo ndinaona mwana wanga akutsika chopendama, akutera ndi phazi limodzi, lomwe lija. Bwalo lonse linati, “Ii!” Ndinaona a Wayisoni akusuntha phazi kuti alowe. Kakolo anapendeka. Bondo linapindika. Mwana anagwedezeka uku, anagwedezeka uku, mpira uli pachifuwa, mwendo wina uli m'mwamba, monga tinkachitira titatsinzina paja. Ndipo anaima. Anaima, ana inu! Anaponya mpira kwa mnzake n'kuthamangira kutsogolo osatsimphina.

Wezulo yomaliza inalira pasanapite nthawi. Tinagonja, ndisakunamizeni, chikho chinatsala pa Boma. Koma Fanesi anatuluka m'bwalo akuyenda ndi miyendo yake. Ine mutu unachoka. Gulu linali litakankhana mpaka pamzere, aliyense akukuwa. Ndinalumpha, ndinagwira munthu amene anali pambali panga, wofunda chitenje kumutu chifukwa cha dzuwa, ndinamukumbatira, ndinamunyamula m'mwamba n'kuzungulira naye. Ndinangodabwa kuti munthuyu ndi wopepuka bwanji. Kenako anatsokomola.

Mayo ine! Magazi anauma. Kuthawa sindikanatha, ndawanyamula. Kuwaponya sindikanatha. Nandolo pa Boma panalibe. Ndinangoima pakati pa anthu a kwathu onse, apongozi ali m'manja, chitenje chitagwa, tikuyang'anana maso ndi maso koyamba chikwatirire. Anali atabwera pa kaliyala ya a Wayisoni, osauza munthu. Nkhope yawo inali yaing'ono, ya mphini m'masaya, ndipo m'maso munali misozi.

“Tanditsitsani kaye, bambo,” anatero.

Ndinawatsitsa ngati dzira. Ndinafuna kugwada, mawondo anakana kupinda, mawondo omwe aja ndinawaphunzitsa nyengo yonse. A Wayisoni anali atafika, pakamwa pali yasa, Fanesi naye wafika thukuta lili chuchuchu.

Apongozi anakonza chitenje chawo mosafulumira. Anati, “Mbuzi ija ndinalibe.”

Ndinati, “Ndinkadziwa, amayi.”

“Poyamba ndinkafuna ndikupezeni mutakhala pansi pa mtengo, kuti ndikanene kwa Wayisoni zithe. Sindinakupezeni. Kenako ndinaona mwana akukusiyani m'mbuyo, ndiye ndinati ndisaleke, ndikuthandiza.” Anatembenukira kwa mwana wawo. “Wayisoni, waona ndi maso ako?”

“Ndaona, amayi.”

“Ine kuno ndinabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki ndili kamtsikana, mng'ono wanga ali kumsana. Ndinaiwala kuti chinandifikitsa ndi miyendo. Mwanayu azisewera.” Ndiye anandiyang'ananso ine, mkamwini, tambala, munthu wa kuseri kwa nkhokwe. Anagwira dzanja la Fanesi n'kuliika m'dzanja langa. Anati, “Bambo a Fanesi, mwana wanu uyu. Mwalera.”

Ndinalira. Injini inalira pa Boma, pamaso pa ogulitsa nzimbe, ndipo sindichita nazo manyazi. Titabwerera kumudzi ndinapereka nkhuku monga mwa mwambo kuti zothawana zithe, ndipo kuyambira pamenepo tinkacheza pakhonde pano mpaka tsiku limene anatisiya. Koma thupi ndi thupi. Akatsokomola mwadzidzidzi kumbuyo kwanga, ndinkapezeka ndadzuka kale, ndikuyang'ana kumene kuli nandolo.

Amayi anu anasewera zaka zambiri, mpaka anawatenga m'timu ya boma lonse, ndipo phazi lija silinapindikenso. Taonani awo akubwera kuchokera kudimba, thumba pamutu, akutsika chitunda osayang'ana pansi. Inu mumangoti amayi ndi olimba, simudziwa kuti panang'ambika buluku la munthu.

Ndiye Tadala, mawa ukapite kubwalo, ukathamange, ukanyonyomale mpaka aphunzitsi anene okha kuti basi. Mpira suthawa. Ukathawanso iwe, ndikuperekeza ndekha. Buluku la ulusi wofiira lija lilipo m'sutikesi, sililowanso koma ndilikakamiza, ndipo ndikanyonyomala pakati pa bwalo, pamaso pa anzako onse ndi atsikana a m'kalasi mwako. Ukudziwa kuti ndikhoza. Tsopano tandigwira dzanja ndidzuke ndikawalandire amayi ako thumbalo. Kokatu mwamphamvu, iwe! Waona? Manja omwewa alibe kanthu.